Maliro a Mjigo

Padangokhala, zaka zimenezo nyama zikumanga midzi ndi kusankha makomiti ngati ife tomwe, panali mudzi wina umene unali ndi mjigo umodzi wokha. Mfumu ya mudziwo inali Njati, koma inali itakalamba, ndipo nkhani zonse za madzi inazisiya m'manja mwa Njiri, tcheyamani wa komiti ya mjigo. Nkhanga anali mkulu wa amayi osesa pamjigopo. Nyani ndiye anali mmisiri, wosunga sipanala ya mudzi wonse.

Mjigowo unkadwala nthenda yosadziwika. Lero nati yasowa, mawa bawuti palibe, mkuja tcheni cha pachipata chapita. Ukafunsa, aliyense anali kumunda. Njiri atatopa ndi misonkhano yosabala kanthu, anaika lamulo limodzi lokha: amene mjigo udzafere m'manja mwake, yemweyo ndiye wauononga, ndipo adzasamuka m'mudzi.

Lamulolo linali lopusa, ine sindibisa. Kuyambira tsiku limenelo, wopeza chogwirira chikugwedera sankauza mnzake. Ankajiga pang'onopang'ono ngati akusisita mwana wodwala, n'kutsekera kamtengo pamene panali bawuti, n'kuchokapo msanga kuti tsoka likagwere wobwera pambuyo. Pamzere wa ndowa ulemu unachuluka mwadzidzidzi. Aliyense ankafuna kuti mnzake ayambe, iye aone kaye ngati mjigo wadzuka bwino.

M'mudzimo munali Gologolo, mayi wamasiye. Kwawo kunali kutsidya, kuno anabwera ndi ukwati. Mwamuna wake anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo, n'kumusiyira kanyumba kamene anamanga ndi manja ake, ndiponso manda oti azikasesako. Mbale analibe ndi mmodzi yemwe. Anakhala m'mudzimo zaka zambiri, koma akapotoloka ankamutchulabe kuti wobwera.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina mmawa Gologolo anajiga kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu chogwirira chinangoti gwede, n'kutsala m'manja mwake.

"Mwaona nonse?" anatero Nkhanga, maso ali pa amayi anzake. "Ine ndinanena kale kuti chibwerere ena m'mudzi muno, zinthu sizikhalitsa."

Dzuwa lisanafike pamutu, bwalo linali litadzaza.

"Mayi, lamulo mukulidziwa," anatero Njiri.

"Ndikulidziwa, a Tcheyamani," anayankha Gologolo. "Koma taonani timanja tangati. Tingamasule bawuti womangidwa ndi sipanala?"

"Sipanala yanga musaitchule, mayi," anatero Nyani mofulumira. "Imagona pansi pa mphasa yanga."

"Sindinanene kuti imayenda, a Nyani. Mwayankha funso limene sindinafunse."

Nyama zonse zinacheukira Nyani. Nyani anacheukira Bwampini, amene aliyense ankadziwa kuti amakonda kutolera zonyezimira. Bwampini anayang'ana Nkhanga, ndipo Nkhanga anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Mundipatse masiku atatu," anatero Gologolo. "Ndikalephera kukuonetsani woononga mjigo, ndinyamuka ndekha, osachita kundikankha."

Njiri anavomera, chifukwa mayi wamasiye sathamangitsidwa tsiku lomwelo. Nyani anamangirira chogwirira ndi waya kuti mudzi uzimwako madzi. Gologolo anabwerera kwawo akuimba kanyimbo kamene anakapeka panjira pomwepo. Mwini nyimboyo anali mjigo: unkatchula ziwalo zake chimodzichimodzi, n'kumafunsa kuti chakuti chili kwa yani, ndipo povomereza pake panali kulira kuja kumene mjigo umalira ukauma mafuta. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo Gologolo nyimbo ankaidziwa. Amene anaimva anatseka zitseko.

Tsiku loyamba anadikira masana, nthawi imene pamjigo pankatsekedwa ndipo onse ankakhala kuminda. Anawaza phulusa kuzungulira mjigo wonse, kuti wobwera mozemba asiyepo phazi. Atabwerako dzuwa litapendeka, anapeza paseseka bwinobwino, ndipo manati ena awiri atapita.

"Ndani wasesa pano masana?" anafunsa Gologolo.

"Ukhondo ulibe nthawi, anzanga," anayankha Nkhanga. "Kapena kwanu kutsidya mumatunga madzi paphulusa?"

Gologolo anawerama n'kuyang'anitsitsa pansi. Panali mizere ya tsache la maudzu, mizere ya tsache la kanjedza, ndi mizere ya nthambi yongothyola. Anadziwa kuti wakuba mmodzi sasesa ndi matsache atatu. Anabwerera akuimba nyimbo yake ija, ataonjezamo manati awiri, ndipo ulendo uno ana ena anavomereza mpaka amayi awo anawatsina.

Tsiku lachiwiri anathyola chitedze. Sanachipake pa chogwirira pamene aliyense amagwira, ayi. Anachipaka kunsi kwa mutu wa mjigo, m'mabawuti obisika amene wotunga madzi alibe nawo ntchito, kumene dzanja limafika pokhapokha likafuna kumasula kanthu. Madzulo ake anapempha Njiri kuti aitanitse bwalo.

Zimene sanaganizire n'zakuti mlandu unali utapeza kale mwini wake. Aliyense anaona kuti chimene chisowe masiku atatuwa chidzawerengedwa pamutu pa wobwera, ndiye ino inali nthawi yokolola.

Bwalo litakhala pansi, Gologolo anayamba kulankhula. Anathokoza mfumu, anathokoza komiti, anafotokoza mmene mjigo unabwerera, chaka chake ndi mwezi wake, osafulumira n'komwe. Nyama zinakhala zitauma, mano ali gwa, poopa kudzikanda. Woyamba kugonja anali Njiri, amene anadzuka n'kukadzikhula pamtengo.

"Mwatani, a Tcheyamani?" anafunsa Gologolo.

"Ife a Njiri timatero chibadwire. Pitirizani, mayi."

Nkhanga anadzigwetsa m'fumbi n'kumagubuduka.

"Nanga inu, mayi?"

"Kusamba kwathu n'kumeneku. Mwayamba kuona lero?"

"Ine musandiyang'ane," anatero Nyani, zala zili m'kati mokanda. "Munamuona liti nyani wosakanda?"

Bwampini anabisa manja m'khwapa, misozi ili mbwembwembwe. Nungu ankagwedeza minga yake yonse. Ngakhale Fulu, mkulu wa mpingo, anali atalowetsa miyendo m'chigoba, ndipo m'katimo munkamveka kukwecha. Gologolo anayang'ana uku, anayang'ana uko, sanaone ndi mmodzi yemwe wokhala phee.

"Tsono mukuloza ndani?" anafunsa Njiri, msana ukadali pamtengo.

Gologolo anadzifunsa mumtima. Wobwera angaloze mudzi wonse, ndipo mlanduwo aweruze ndani?

"Palibe, a Tcheyamani," anatero.

"Latsala limodzi," anatero Njiri.

Apa Gologolo anachita mantha enieni. Anapita kumanda kwa mwamuna wake, anazula tiudzu tomera pamtumbira, n'kukhala pansi. Anaganiza za kanyumba kaja kakugwa kopanda wokhalamo, ndi mtumbirawo ukumera thengo popanda wousesa, ndipo analira. Tsiku limenelo sanaimbe. Koma ali chikhalire pamandapo, anakumbukira mmene mudzi wonse unabwerera pa maliro a mwamuna wakeyo, okondana naye ndi odana naye omwe, aliyense ndi kachipepeso kake m'manja, popanda wowafunsa kuti mwatenga chiyani. Anapukuta misozi n'kuimirira.

Mmawa wa tsiku lachitatu mjigo unali utatheratu. Waya wa Nyani uja anali atapita, ndodo yachitsulo ya m'kati inali itazulidwa, madzi osatuluka ngakhale dontho. Gologolo anapita kwa Njiri, anagwada patali n'kuomba m'manja.

"Ndagonja, a Tcheyamani. Mawa ndinyamuka."

"Mwaganiza bwino, mayi."

"Koma mwambo ndi mwambo. Amene wodwala wafera m'manja mwake, sachoka maliro asanaikidwe. Mjigo wafera m'manja mwanga. Mundilole ndiuike."

Njiri anaseka. "Maliro a chitsulo?"

"Watimwetsa zaka khumi, a Tcheyamani. Alipo wina m'mudzi muno amene anakupatsani madzi zaka khumi osadandaula? Komanso ine ndikuopera inu otsala. Kwathu kutsidya mjigo wina unafa chomwechi, ziwalo zili m'makomo. Anangousiya. Patapita masiku atatu unazuka."

"Zabodza zimenezo."

"Mwina n'zabodza. Amati unkayenda masanasana, n'kukaima pakhomo pamene pali chiwalo chake, n'kumalira mpaka mudzi wonse usonkhane. Ukachoka apo, upite khomo lina."

Njiri anasendera pafupi. "Pakhomo penipeni?"

"Penipeni. Koma ine sizindikhudza, ndidzakhala nditapita. Wakufa akaikidwa ndi ziwalo zake zonse amagona, n'zokhazo zimene ndikudziwa."

"Ikani maliro anuwo," anatero Njiri. "Osati kuti ndakhulupirira, koma mwambo sitikaniza."

Pochoka apo Gologolo anadzera kwa Nkhanga, n'kumunong'oneza nkhani yomweyo, n'kumupempha kuti asauze wina aliyense. Asanafike n'kunyumba komwe, mudzi wonse unali utaimva, ndipo mjigo wa kutsidya uja unali utamera kale mano.

Gologolo anamanga mpanda wa udzu kuzungulira mjigo, wautali woti ngakhale Nyani asasuzumire, khomo lake limodzi. M'katimo anaika dengu lalikulu lovundikira ndi nsalu. Kenaka analengeza kuti poona nkhope azilowa mmodzimmodzi, ndipo amene ali ndi chipepeso aike m'dengumo chokulunga, popanda womufunsa.

Masana mudzi wonse unabwera, nkhope zili zachisoni, m'khwapa muli motupa. Gologolo anakhala pakhomo la mpanda n'kuyambitsa nyimbo yake ija, tsopano mokoka ngati ya pamaliro. Mjigo unkaitana nati zake, mabawuti ake, tcheni chake, ndodo yake, n'kumafunsa kuti zili kwa yani. Ndipo nyama zomwe zija zinkatseka zitseko zikamva nyimboyi, lero zinavomereza mokweza mpaka mfumu Njati inadzidzimuka kunyumba kwake. Sikuti chinali chisoni. Aliyense ankafuna phokoso loti likwirire kulira kwa chitsulo chikamagwera m'dengu.

Analowa Fulu, anatuluka. Analowa Nungu, analowa Bwampini kawiri, akuti ulendo woyamba anaiwala kutsanzika. Nkhanga analowa atafunda nsalu ziwiri, n'kutuluka thupi litachepa. Nyani analowa akutsokomola kuti zam'thumba zisamveke. Njiri anabwera pomalizira atavala chijekete chachitali, akuyenda chowongoka ngati wameza mtengo, mwendo umodzi osapindika.

"Mwendo watani, a Tcheyamani?" anafunsa Gologolo pakati pa nyimbo.

"Nyamakazi, mayi."

Potuluka nyamakazi inali itapola.

Onse atatha, Gologolo anati akasambitse maliro, poti ndi ntchito ya amene wamufera m'manja. Naye analowa ndi kaphukusi kake kakang'ono. Chimene chinali m'menemo ine sindinachione, koma ndikudziwa kuti kale nkhuni zake ankamangira labala wakuda, ndipo kuyambira tsikulo ankamangira luzi. Anakhalitsa m'katimo. Kunja nyama zinkaimbabe, koma maso onse anali pakhomo la mpanda, ndipo aliyense ankadzifunsa kuti kusambitsa chitsulo kungatenge nthawi yonseyi bwanji.

Kenaka anaitana Nyani. "A mmisiri, bwerani ndi sipanala mudzaveke maliro. Chiwalo chilichonse chibwerere pamalo pake, asakadandaule kumene akupita."

Nyani analowa n'kupeza zitsulo zitayalidwa pamphasa, zosakulunga. Anamanga ndodo, anamanga mabawuti, anabwezera malabala, anakoloweka tcheni. Mjigo unakwana wonse, koma pamphasa zitsulo zinatsalabe mulu. Panali misomali ya pamlatho, loko wa kusukulu amene anasowa chaka cha dzombe, lilime la belu la pabwalo limene Njiri ankati linatengedwa ndi mphepo, ndi zina zimene Nyani mwini sanadziwe kumene zinachokera. Mantha anachititsa kuti aliyense abweze chilichonse cha tonse chimene chinali m'nyumba mwake, kuopa kuti mwina nachonso chingazuke.

Gologolo anagwetsa mpanda kuti onse aone. Anagwira chogwirira n'kujiga kamodzi, kawiri, ndipo kachitatu madzi anatuluka.

"Maliro adzuka," anatero.

Palibe analulutira. Nyama zinayang'ana mulu wa zitsulo uja, zinayang'anana, kenaka zonse zinayang'ana Gologolo. Funso linali limodzi m'mitima yonse: mayi ameneyu waona zingati m'katimo?

Njiri anakonza kukhosi. "Mjigo wachira, tathokoza. Koma mawu anu munanena nokha, mayi. Munati mutionetsa woononga. Simunationetse."

"Zoona," anatero Nkhanga msanga. "Lamulo ndi lamulo. Komanso wotha kuukitsa akufa sitingakhale naye mudzi umodzi."

Mitu yonse inagwedezeka kuvomereza. Zinandinyansa pamene ndinazimva, ndipo zimandinyansabe. Madzi anali akudontha pamaso pawo, koma iwo ankafuna kuti mboni ichoke.

"Ndipita," anatero Gologolo. "Koma nditsate mwambo wanu womwe. Wosamuka m'mudzi muno amamasula katundu wake pabwalo, kuti onse aone ngati sanatenge cha mudzi. Wanga ndi uyu."

Anakoka thumba limene linali kuseri kwa dengu, n'kuliika pakati.

"Muli chiyani m'menemo?" anafunsa Nyani.

"Zokulungira, a mmisiri. Zitsulo ndabweza kwa mwini wake, koma tinsalu ndi timasamba ndinaona kuti n'zosafunika kumanda. Paja wokulunga mofulumira amakulunga ndi chimene chili pafupi. Wina anatseka phukusi lake ndi munga wa pamsana pake. Wina kathenga kamawangamawanga kanakanirira pamfundo. Wina anang'amba chitenje cha akazi ake, chija anavala pa chinkhoswe mudzi wonse ukuona. Ndizitulutsa chimodzichimodzi, mwini wake azilandira, ndipo ine ndizikumbutsa chimene chinali m'katimo. Ndili ndi mutu wabwino."

Analowetsa dzanja m'thumba n'kutulutsa kansonga chabe ka nsalu yamaluwa ofiira. Mkazi wa Njiri anaphimba kumaso. Njiri, amene chikhalire sanathamangepo pabwalo, anafika pathumbapo ndi liwiro n'kuliponda pakamwa.

"Mayi, mayi, kufulumira kwa chiyani?" anatero. "Ndani wanena zosamuka?"

"Ndinu, a Tcheyamani."

"Ine ndimangokumbutsa mmene lamulo linalili. Lamulo limapangidwa ndi komiti, ndipo komiti ikhoza kulionanso. Si choncho, mayi Nkhanga?"

"Ine chiyambire ndimanena kuti mayi Gologolo ndi mnzathu," anatero Nkhanga. "Wobwera ndani? Tonse tinachita kubwera."

"Thumbalo tingolitentha, nkhani ithe," anatero Fulu mofatsa, ngati akutseka pemphero.

"Ayi, abambo," anatero Gologolo, akumanga thumba lake. "Katundu wa wosasamuka samasulidwa, komanso satenthedwa. Ndikasunga kwathu. Tsiku limene mudzandiuze kuti ndinyamuke, kapena tsiku limene nati ina idzasowe pamjigo apa, tidzakumana pabwalo pano ndi thumbali."

Anasenza thumba n'kumapita, akuimba nyimbo ija chapansipansi. Ulendo uno panalibe chiwalo choti afunse, ndiye anangoimba povomereza pokha.

Lamulo lija linafafanizidwa tsiku lomwelo. Misomali inabwerera pamlatho, belu la pabwalo linayambanso kulira. Pamjigo bawuti akangogwedera pang'ono, atatu ankathamangira kwa Nyani nthawi imodzi, aliyense kufuna kuti aoneke kuti wanena ndiye. Thumba lija analifunafuna mobisa, wina kudenga, wina kunkhokwe, mwini ali kumunda, koma pa ntchito yobisa zinthu gologolo alibe mnzake. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo iwo anazindikira kuti wawo wakhalapo ndithu.

Gologolo anatsala m'kanyumba kake, ndipo manda a mwamuna wake sanamere thengo. Pamjigo ankamupatsa malo oyamba. Panjira ankamupatsa moni atapinda maondo. Koma panalibe wobwera kudzapala moto pakhomo pake, kapena kudzabwereka mchere, kapena kudzamunong'oneza za m'mudzi. Akafika pagulu, nkhani inkaduka. Zimenezi zinkamupweteka kuposa mmene linkamupwetekera dzina lija la wobwera.

Tsiku lina ali pakhonde akusenda mtedza, anaona Nkhanga akudutsa.

"Anzanga, tabwerani tisendere limodzi," anaitana. "Za thumba tisiye, tingocheza."

Nkhanga anaima m'njira, anawerama mwaulemu, maso akuzungulira pakhonde ponse.

"Zikomo kwambiri, mayi," anatero. "Ndasiya ndiwo pamoto."

Gologolo anamuyang'ana mpaka anakhota, n'kupitiriza kusenda mtedza wake yekha.

Nthano yanga yadukira pamenepa. Ngati mbatata ija yapserera, musayang'ane ine, ndinali pano nonse mukundiona.